Amayi, musamuletse mzime kujambula

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Ndirande kuko pamodzi ndi achimwene, alamu ndi ana. Ine kuno ku Cape Town ndili bwinobwino, kungoti kwayamba kuzizira ndi mvula yake yosathayo, paja kuno mvula imagwa mu June ndi July nthawi yomwe kwathu anthu akolola kale. Ndalama ya mwezi uno ndatumiza pa Mukuru achimwene akakutengereni, ya fizi ili momwemo, yotsalayo mugulire chimanga panopa chisanakwere mtengo.

Chomwe ndalembera kalata yaitali chonchi ndi nkhani ya mzime wathu. Achemwali anandiuza pa WhatsApp kuti amalume anamulanda kope lake lojambulamo lija nkuliponya pa mbaula, ati mwana wa Fomu 2 azitaya nthawi ndi zidole mmalo mowerenga. Amayi nkhani imeneyi yandipweteka mtima kwambiri, ndipo pa foni bandulo imatha tisanamvane ndie ndati bola ndilembe, achimwene akuwerengereni modekha, amalume nawonso akhalepo amve, sindikuwanyoza ayi ndikudziwa amamufunira zabwino mwanayo koma ine ndaona zinthu kuno zoti nanunso muzidziwe.

Kuno kudoko, malo omwe amati V&A Waterfront, kuli chinyumba chachitali chomwe kale chinali nkhokwe ya chimanga, ngati zija za ku Kanengo ku Lilongwe. Anachimanga cha mma 1920 ndipo chimanga chochokera mminda ya dziko lino chimasungidwa mmenemo podikira sitima zapamadzi, mpaka anasiya kuchigwiritsa ntchito mu 2001. Mmalo mochigwetsa anachisandutsa myuziyamu ya zaluso za anthu a mu Africa a masiku ano, dzina lake Zeitz MOCAA, inatsegulidwa mu September 2017. Mkati mwake munali timigolo tasimenti titalitali 42, ndie anatiboola pakati nkusiya chidzenje chachikulu chooneka ngati njere ya chimanga, ukalowa umangoyang'ana kumwamba khosi mpaka kuwawa, kuwala kukutsika mmabowomo. Lachitatu mmawa munthu wa dziko lililonse la mu Africa amalowa ulere bola aonetse chiphaso, ndie ine tsiku la ofu likagwera Lachitatu ndimangotenga pasipoti yanga yaku Malawi nkukwera basi.

Ulendo womwe unandigwira mtima kwambiri unali wa mu 2023, kunali chionetsero chomwe anachitcha When We See Us, zithunzi zopenta pafupifupi 200 za anthu akuda zojambulidwa ndi anthu akuda, zakale ndi zatsopano zomwe. Amene ankatsogolera myuziyamuyo nthawi imeneyo anali mayi wobadwira ku Cameroon, a Koyo Kouoh, anamwalira mu May 2025, mzimu wawo uwuse mumtendere. Chomwe anachita mayi amenewa nchoti sanasonkhanitse zithunzi za njala, nkhondo ndi ana otupa mimba zomwe azungu amakonda kutionetsa nazo ayi. Munali anthu akuvina paukwati, ena akupemphera, ena akulukana tsitsi, ena angogona pampando akupuma basi osachita kalikonse. Ineyo mpaka misozi inalengeza, chifukwa kuno tikamatchulidwa ife obwera timatchulidwa pa nkhani ya mapepala, ya ganyu, ya kuthamangitsidwa, ndie kulowa mchipinda chachikulu choyera nkupeza khoma lonse ladzaza nkhope zofanana ndi zathu zikusangalala, zinandipatsa mphamvu yomwe sindingathe kuifotokoza bwinobwino. Sikuti zonse za mmenemo zimandisangalatsa ayi, zipinda zina zamdima zoonetsa mavidiyo ndimangodutsa, sizindikhudza. Koma zina zimandiimitsa mpaka alonda kuyamba kundizindikira nkhope.

Tsono imvani iyi amayi, poti ndiyomwe ikukhudza inuyo. Kuli mayi wina dzina lake Billie Zangewa, anabadwira ku Blantyre konko mu 1973, anakulira ku Botswana, pano amakhala ku Johannesburg. Iyeyu sagwiritsa ntchito penti kapena burashi. Amatenga nsalu ya siliki, kuidula tizigambazigamba, nkumasoka pamanja ndi singano mpaka chituluke chithunzi cha munthu. Ndinaona ntchito zake ndi maso angawa pa malo ena oonetsera zaluso kuno, ndipo ndinasendera pafupi mpaka pomwe amaloleza. Ukaima patali umaona nkhope yeniyeni ya mayi, tsaya likuwala, mthunzi pansi pa chibwano. Ukayandikira mpamene umaona kuti tsaya lokhalo lili ndi tizigamba tingapo tamitundu yosiyana pang'ono, kena kofiirira, kena koderako, kena kowala, ndipo ulusi ukuoneka mmene singano inkalowera ndi kutuluka, pena motalikirana pena mothinana, moti umadziwa kuti apa dzanja linali la munthu osati makina. Mmphepete mwa nsalumo sapinda ayi, amasiya ulusi ukulendewera, mwina ngodya ina yosowa ngati yadulidwa dala. Siliki uja ukasuntha pang'ono amasintha kuwala kwake ndie chithunzicho chimakhala ngati chikupuma.

Nanga amasoka chani? Osati mafumu kapena apulezidenti. Amasoka moyo wake wa tsiku ndi tsiku, iyeyo ali kukhitchini, mwana wake wamwamuna ali mtulo, akumwa tiyi, akupumula atatopa ndi ntchito zapakhomo, zinthu zomwe akazi timachita tsiku lonse popanda otiyamika. Ndipo ntchito zimenezi zimaonetsedwa ku New York, London, Paris, anthu kufola kuti aone. Ine nditaima pamenepo ndinkangoona manja anu amayi, mmene mumakhalira pakhonde ndi makina anu a Singer, zigamba zotsala pa madiresi a makasitomala simutaya mumazisunga mjumbo kenako nkutisokera chofunda chija chamitundumitundu chomwe tinakulira. Inu mumadziwa kuti chitenje ichi chigwirizana ndi ichi osachita kuuzidwa ndi munthu. Limenelo ndi diso, ndipo mzime diso lakelo analitengera kwa inu, sanalitole panjira.

Wina amene ntchito yake imandilasa ndi Mary Sibande wa konkuno ku South Africa, wobadwa mu 1982. Azimayi a kubanja kwake, agogo ake ndi makolo awo, ankagwira ntchito ya mnyumba za azungu, yomweyi ndikugwira ineyi. Ndie iye anaumba chifanizo cha mayi wantchito nkumutcha Sophie, anachita kuumba potengera thupi lake lomwe. Sophie amavala yunifomu yabuluu, epuloni yoyera, kolala yoyera ndi duku kumutu, ndendende mmene timavalira, koma diresi lake lakula mpaka kudzaza chipinda, lamapindo ngati la mfumukazi yaku England yakalekale, loti sungakolope nalo olo pang'ono. Maso ake amakhala otsinzina nthawi zonse, akulota. Pena wakwera hatchi yomwe yaimika miyendo yakutsogolo mmwamba. Amayi, ine ndimavala epuloni mmawa uliwonse, ndimasita zovala za ana a eni ake anga ali kutali, ndipo sindichita nayo manyazi ntchitoyi chifukwa ndiyomwe ikulipira fizi. Koma palibe anandiuzapo kuti munthu wovala epuloni naye ali ndi maloto oyenera kuikidwa pakati pa chipinda anthu nkumamuzungulira mwaulemu. Anandiuza ndi Sophie, osayankhula liwu ndi limodzi lomwe.

Amalume ndikudziwa anena kuti zimenezo nza akazi ndi masingano awo, ndie awuzeni za Samson Kambalu. Ameneyu ndi Mmalawi mnzathu wobadwa mu 1975, anaphunzira ku Kamuzu Academy kenako ku Chancellor College ku Zomba, pano amaphunzitsa zaluso ku yunivesite ya Oxford. Mu September 2022 chipilala chomwe anapanga anachiimika pa Trafalgar Square pakatikati pa London ndipo chinakhalapo mpaka 2024. Ichi ndinangochiona pa foni koma ndinachitumiza ku gulu lathu lonse la amalawi a kutchalitchi. Ndi chifanizo cha abusa John Chilembwe, omwewo ali pa K500 ndi K2000, ataima ndi mnzawo mmishonale wachizungu John Chorley, anatengera pa chithunzi chomwe chinajambulidwa mu 1914 pa tchalitchi chawo ku Mbombwe ku Chiradzulu, pafupi pomwepa. Nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, koma pa chithunzipo Chilembwe chipewa chili kumutu osavula. Kambalu anamupanga Chilembwe wamkulu pafupifupi kawiri kuposa mzunguyo, ndie tangoganizani, mumzinda womwewo momwe munkachokera malamulo otivula zipewa, munthu waku Chiradzulu waima pamwamba chipewa chili pamutu anthu akumuyang'ana chogada khosi. Ife timapuma pa 15 January chaka chilichonse kukumbukira Chilembwe koma amene anakamufikitsa kumeneko si nduna kapena kazembe, ndi mwana wina amene naye ankajambula.

Sindikunama kuti aliyense wojambula amalemera, ayi. Kuno ku Greenmarket Square ndimakumana ndi anyamata akwathu akugulitsa ziboliboli ndi zithunzi kwa alendo, tsiku lina amaweruka osagulitsa kanthu dzuwa lawaotcha tsiku lonse, chimodzimodzi aja amayala ziboliboli mtauni mu Blantyre. Luso ali nalo ndithu, manja awo ndi abwino, koma njala imawakakamiza kubwereza chinthu chimodzimodzi, mayi wasenza mtsuko dzuwa likulowa, mlambe, njovu, mawa mayi yemweyo mtsuko womwewo, poti ndizomwe mlendo amafuna kukapachika kwawo. Zimandimvetsa chisoni chifukwa palibe mmodzi wa iwo anakulira pafupi ndi njovu, ambiri ndi a ku Bangwe, Mbayani, Chilomoni. Chomwe chinandisangalatsa pa zojambula za mzime zomwe achemwali ananditumizira chaka chatha nchoti iyeyo amajambula zomwe akuziona. Anajambula okhoma zidebe ndi mbaula aku msika wa Ndirande, wina atapanira lata ndi mapazi nyundo ili mmwamba. Anajambula kondakitala atalendewera pachitseko cha minibasi ya ku Limbe ndalama atazipinda pakati pa zala. Anakujambulani inuyo mukulowetsa ulusi pa singano mutatsinzina diso limodzi, ndinangoti ndaona ndinadziwa kuti awa ndi amayi anga ngakhale nkhope sanaimalize. Mwana wa zaka zimenezo kugwira zinthu zotere ndi bolopeni wamba, imeneyo ndi mphatso yochokera kwa Mulungu ndipo sitiyenera kuiotcha.

Za sukulu ndikugwirizana nawo amalume, mayeso a JCE akhoze, MSCE akhozenso bwino, pamenepo palibe zokambirana. Anthu ndawatchulawa onse sukulu anapita nayo patali, Billie Zangewa anaphunzira zaluso ku Rhodes University, Kambalu mpaka ndi pulofesa. Ndie tipangane chonchi, mkati mwa sabata awerenge, Loweruka ndi Lamulungu akachoka kutchalitchi mumusiye ajambule mwamtendere, ndipo makope a sukulu asamajambulemonso poti ndamugulira akeake.

Katundu ndapatsira adalaivala a basi omwe timatumizira aja, afika ku Wenela sabata yamawa, achimwene ndiwaimbira tsiku lake. Muli mabuku awiri a mapepala okhuthala ojambulapo, mapensulo ofewa ndi olimba, penti yosungunula ndi madzi ndi maburashi atatu, komanso juzi yanu ndi mankhwala opaka mmawondo aja. Achimwene ndikupempheni Loweruka lina mumutenge mzime mupite naye ku Mandala House, nyumba yakale ija ya 1882, kuli malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula otchedwa La Caverna, akaone ntchito za anthu akwathu ndi maso ake, mukatero mudutsenso ku myuziyamu ya ku Chichiri, ya thiransipoti ndiwonjezera. Akamaliza chojambula chilichonse azilemba deti kumbuyo nkusunga mu sutikesi yanga ili pansi pa bedi, asamagawe kwa anzake, ndipo azindijambulira pa foni ya achemwali nkunditumizira chifukwa pali mayi wina wa kutchalitchi kuno amagwira ntchito kunyumba kwa munthu wopanga mafelemu, ndikufuna chija cha inu ndi singano ndichiike mu felemu.

Mupereke moni kwa amalume ndi azakhali, muwauze ndidzawaimbira ndekha Lamulungu madzulo tikambirane bwinobwino. Moni kwa amayi a kuseri ndi onse a kumphakati. Mulungu akalola tionana pa Khrisimasi.

Ndine mwana wanu,
wa ku Cape Town