Usanalandire Galimoto ya Anthu a Mafuta

Lizulu, Ntcheu

Nangozo mwana wanga,

Kuno tili bwino, kachewere tayamba kukumba. Mayi ako andiuza kuti ukufuna kudzaima pa uphungu, ndipo ena ochita malonda a mafuta akulonjeza kale galimoto ndi ndalama za kampeni. Usawayankhe msanga.

Boma lodalira msonkho wa alimi ndi mavenda limawaopa eni msonkhowo. Koma ndalama zikamatuluka m'chitsime chimodzi kudzera ku kampani imodzi, mtsogoleri safunanso anthu, amangofuna asilikali olondera chitsimecho. Ku Angola mafuta a ku Cabinda ankalipirira nkhondo kumbali ya boma, dayamondi kumbali ya gulu loukira boma la UNITA, mpaka 2002. Ku Nigeria Ken Saro-Wiwa anadandaula kuti mafuta akuwononga minda ndi mitsinje ya anthu a mtundu wa Ogoni, ndipo boma la Sani Abacha linamunyonga pa 10 Novembala 1995 pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu. Naye mtsogoleri wokana kugulidwa amakumana nazo: Mohammad Mosaddegh wa ku Iran anaika mafuta m'manja mwa boma mu 1951, pofika 1953 anali atagwetsedwa mothandizidwa ndi akazitape a America ndi Britain.

Usati ndi zakutali. Ukaoloka msewu wa M1 pano uli kale ku Mozambique, kumene zigawenga zinaukira tauni ya Palma mu Marichi 2021, kampani ya TotalEnergies n'kuimitsa ntchito yake ya gasi, asilikali a Rwanda n'kubwera mu Julaye. Kwathu konkuno, boma litapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja mu 2011, Tanzania inadzutsa mkangano wa malire mu 2012. Dontho limodzi linali lisanatuluke.

Ukadzalowa m'nyumba ya malamulo, mgwirizano wa mafuta uziuwerenga wekha, osadalira chidule cha nduna. Yamba ndi mwini weniweni wa kampaniyo, chifukwa dzina la papepala nthawi zina limabisa wachibale wa wandale. Kenako funa ndime ya kubweza zolowa. Apa ndiye mayiko amagwera m'mbuna. Kampani imayamba yadzibwezera zonse zimene inawononga pofufuza ndi pokumba, phindu n'kugawidwa pambuyo. Ngati palibe malire a gawo limene ingadzibwezere pa chaka, komanso boma lilibe akauntanti ake ofufuza malisiti, zolowazo zimangofufuma ngati mtanda wa mandasi, dziko n'kumadikira zaka zambiri. Samalanso ndi ndime yoletsa boma kusintha misonkho mpaka mgwirizano utatha, chifukwa imamanga manja aphungu amene pano akadali kusukulu.

Funsanso kumene ndalama zizikasungidwa ndi amene angazitulutse. Norway inakhazikitsa thumba lake losungira ndalama za mafuta mu 1990 ndipo ilipobe nalo. Chad inali ndi thumba la mibadwo yam'tsogolo, koma aphungu analithetsa kumapeto kwa 2005, ndalama zambiri n'kupita ku zachitetezo. Anakweza manja ndi aphungu, mwana wanga, anthu a mpando womwe ukuufunawo.

Zida uli nazo. Malawi analowa mu EITI, mgwirizano wa mayiko woulula ndalama zochokera ku migodi ndi mafuta, mu 2015, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Uzilemba kalata yopempha mapepala, n'kusunga kope lodindidwa tsiku.

Galimotoyo ikane. Ngati wailandira kale, ibweze sabata ino pamaso pa mboni ziwiri, akusainire kuti aitenga. Amalume ako avomera kukubwereka njinga yamoto pa misonkhano ya ku Tsangano. Ubwere Loweruka tidzakambirane za ndalama ya petulo.

Moni kwa apongozi ndi adzukulu anga.

Ndine bambo ako.