Oponya mpira nawonso ankabayitsa

Akonzi,

Masewera a baseball ndinayamba kuwatsata kuno ku America chifukwa cha mwana wanga, amene amaponya mpira mu timu ya kusukulu. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti nkhani ya mankhwala owonjezera mphamvu ikangobuka, aliyense amathamangira kwa Barry Bonds ndi Mark McGwire, omenya mpira aja amene matupi awo anafufuma anthu akuona. Oponya mpira amangodutsa chamumbali ngati kunalibe.

Chonsecho lipoti la George Mitchell lofufuza za mankhwalawa mu baseball, lomwe linatuluka mu Disembala 2007, dzina lake lalikulu linali la woponya, Roger Clemens. Ameneyu anapata mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana, kasanu ndi kawiri, yomaliza mu 2004 ali ndi zaka 42. Brian McNamee, amene ankamuchititsa masewera olimbitsa thupi, ananena kuti ankamubaya yekha jakisoni. Clemens anakanitsitsa pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya America mu 2008, anaimbidwa mlandu wonama atalumbira, ndipo khoti linamumasula mu 2012. Chilungamo ndichinene, sanapezeke wolakwa. Koma woponya mnzake Andy Pettitte anavomera kuti anagwiritsapo ntchito mankhwala okulitsa thupi otchedwa HGH mu 2002, ati pofuna kuti chigongono chipole msanga.

Mawu akuti "kupola msanga" ndi amene amapusitsa anthu. Woponya safuna mikono yonga ya munthu wonyamula zitsulo ayi. Amaponya mipira pafupifupi 100 pa masewero amodzi, yambiri yothamanga kupitirira makilomita 145 pa ola, kenako pakangodutsa masiku anayi azibwereranso, m'nyengo ya masewero 162. Ndimaona mwana wanga akabwera kunyumba: amakhala pa mpando, thumba la ayezi pa phewa, m'mawa kuvala malaya mochita kuluma mano. Uyutu ndi mnyamata wamagazi otentha. Nanga bambo wa zaka 38? Mankhwala ochotsa kuphwanya kumeneko amamuwonjezera zaka za ntchito, iye thupi lili lomwe lija, woonera osazindikira kanthu.

Ena amati kudzichiza si kuba. Ine ndikukana. Malo m'timu ndi owerengeka, ndipo mkulu akakhalitsa chifukwa cha jakisoni, pali mnyamata wina m'maligi aang'ono amene akukalambira pa basi, kudikira mpata womwe sudzabwera.

Akuluakulu a ligi yaikulu ya baseball nawo anachedwa. Mu 2005 wogwidwa koyamba ankangopumitsidwa masiku khumi. Chilango chinakwera kufika masewero 50 mu 2006, kenako 80 mu 2014. Ngakhale zinatero, woponya Bartolo Colón anagwidwa ndi mankhwala a testosterone mu 2012, ndipo woponya wina, Jenrry Mejía wa timu ya New York Mets, anagwidwa katatu pasanathe chaka, n'kuletsedwa moyo wonse mu 2016. "Moyo wonse" uja unatha zaka ziwiri zokha, anamukhululukira mu 2018.

Tsono akonzi, olemba zamasewera anu akamadzatchula Bonds, azitchulanso anthu amene ankamuponyera mpirawo. Clemens, ngakhale anawina masewero 354, atolankhani ovotera Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball, anamukana kakhumi konse. Ulendo womaliza mu 2022 anapeza mavoti 65 pa 100 alionse, pomwe pamafunika 75.

Wowerenga wanu,
ku Indiana, America