Gemu ya makadi ya mwana wathu si juga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'malo mwa mwana wa mlongo wanga, mwini wakeyo ndi wamanyazi sangalembe. Kuno ku Kasungu munthu akangokuona ndi makadi, kaya a pepala kaya a pa foni, basi akuti wayamba juga. Ndiye mnyamatayu atamaliza sukulu ya zamakompyuta ntchito osaoneka, anakhala pansi nkupanga gemu ya makadi ya pa foni, yomwe ija timamenya pakhonde pa golosale madzulo tikaweruka ku fodya. Mayi ake anandipeza nkhope itagwa, akuti achimwene mwana uja walowerera, usiku wonse ali pa laputopu ndi makadi, kamuyankhuleni ndinu malume ake.

Ndinapita ndi ukali wanga. Ndinabwerako nditazizira.

Ine ndinkaona ngati app ukapanga wapanga, ngati mpando wa kalipentala. Ayi ndithu, chinthuchi chili ngati munda, ukadzala ndiye kupalira kwayamba. Yoyamba anaitulutsa ikuoneka bwinobwino pa foni yake, koma pa ka itel kanga makadi amakwerana osadziwika kuti uyu ndi mtima kapena khasu. Anakonza. Kenako wina akakuimbira uli pakati pa gemu, pobwerera umapeza zonse zafufutika, anakonzanso. Koma chomwe chinamusowetsa tulo ndi malamulo. Anzake a ku Santhe akuti ukaponya joker mnzako atole makadi asanu, a ku Chamama akuti bodza limenelo kwathu sititero, aliyense akulumbira kuti yake ndiye yeniyeni, mapeto ake anangoika poti musanayambe muzisankha nokha malamulo omwe mukufuna. Ena akuti kompyuta ikubera, imadzigawira makadi abwino, mpaka anachita kundionetsa pomwe analemba zosakaniza makadizo kuti ngakhale iye mwini sadziwa khadi lomwe lituluke. Sindinamve zambiri, koma anthu omwewa ndimawadziwa, ngakhale pakhonde paja akadyedwa amati wogawa wabera.

Nanga zoika pa Play Store? Google imafuna madola 25 kuti utsegule akaunti yoikirapo ma app, kamodzi kokha inde, koma si za Airtel Money kapena Mpamba izi, pamafunika khadi la ku banki lolipirira kunja, ndipo nonse mukudziwa mmene dola inakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Za iPhone anangozisiya, kumeneko Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Ndiye ku Google kuli lamulo loti ngati akaunti ndi yatsopano ya munthu payekha, app iyambe yayesedwa ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 osadukiza isanaperekedwe kwa aliyense. Tinatolera achibale, mpaka apongozi anga analowa nawo, wina tsiku lachisanu nkuichotsa kuti apeze malo a zithunzi za chinkhoswe, kkkk tinachita kumulondola panjinga kuti aibwezere. Zikatha zimenezo usaganize kuti wapuma, chaka ndi chaka Google imafuna app izigwirizana ndi Android yatsopano, ukangoigonera anthu a mafoni atsopano saipezanso.

Apa ndiye pali pempho langa kwa owerenga anzanga. Tikaona uthenga wa update, woti titsitse app yokonzedwanso, timakwiya, ndipo ndikumvetsa, bandulo ndi ndalama. Magemu ena akunja amakukaniza kusewera mpaka utsitse zinthu zambirimbiri, bandulo ya sabata nkuthera pomwepo, eni akewo sanaganizireko munthu wakumudzi yemwe netiweki amaipeza atakwera pachulu. Mnyamatayu anachotsa nyimbo ndi zithunzi zolemera kuti gemu ipepuke, ndipo ngati ukusewera ndi kompyuta sipafunika data nkomwe. Koma ifenso tili ndi khalidwe lathu, timangopatsana pa Xender gemu ya miyezi isanu yapitayo, kenako nkumatukwana kuti ndi yoola pomwe vutolo analikonza kalekale. Tsitsani yatsopanoyo. Ndipo polemba ndemanga nenani foni yanu ndi yanji, yavuta pati, mumatani itaima. Kungolemba kuti zaziii sangadziwe poyambira, amangokhala wagwira tsaya.

Za juga zija, mu gemuyi mulibe poika ndalama, wopambana sapata ngakhale K50. Zobetcha zili ndi malamulo ake, oyang'anira ndi a Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo iye sakufuna kuyandikirako. Kandalama komwe amapeza nka zotsatsa malonda zimatulukira m'munsi zija, sikakwana ngakhale kulipira intaneti yake, ndine amene ndimathirapo fodya wanga akagulidwa ku Chinkhoma.

Mayi ake aja pano ndi amene akumaliza batire ya foni pakhomopo. Dzulo amandituma kuti ndikamuuze mwana wawo akulitse manambala pa makadi, maso awo sakuona bwino. Wavomera, akuti zikhala mu update ikubwerayi.

Malume wa ku Mtunthama,
Kasungu