Ukaone za Lakisi ku British Museum

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, kuno tonse tili bhobho. Nkhani yanga ndi imodzi, iwe uli mu London momwemo ndipo ku British Museum kulowa ndi ulere, chonde pitako ukafunse pomwe pali zosema za Lachish, mzinda wa Lakisi wa ku Yuda wa pa 2 Mafumu 18 uja.

Paja Senakeribu mfumu ya Asuri anaukira Yuda mu 701 BC nthawi ya Hezekiya mfumu ya Yuda. Atabwerera ku Nineve anauza amisiri aseme nkhondo ya Lakisi pamakoma a chipinda chonse m'nyumba yake yachifumu, miyala yake ndi imene Austen Henry Layard, wofukula zakale wa ku Britain, anafukula ku Nineveko kufupi ndi Mosul ku Iraq n'kutumiza kwanuko. Pali makina ogumulira linga akukwera chitunda, omwe ali pamwamba pa linga akuwaponyera miyuni yamoto, azimayi akutuluka pachipata ndi timitolo paphewa, amuna ena atapachikidwa pamitengo, mfumu ili phee pampando kulandira zofunkha. Ndiye chimene chimandigwira mtima ine nchoti David Ussishkin, wofukula zakale wa ku Israel, atakumba ku Tel Lachish, pomwe panali mzinda wa Lakisi, m'ma 1970 anachipezadi chitundacho, mulu wamiyala womwe Asuri anaunjika motsamira linga, komanso mitu ya mivi mazanamazana ndi miyala ya gulaye. Anthu anafadi pamenepo aise.

Usatuluke usanaone Taylor Prism, kachipilala kadongo ka mbali 6 komwe Senakeribu akudzitama kuti analanda mizinda 46 ya Yuda ndipo Hezekiya anamutsekera mu Yerusalemu ngati mbalame m'khola. Koma zoti analanda Yerusalemuyo sakunena, munthu wokonda kudzichemerera choncho akanasiya kulemba? Pa msonkho omwe Hezekiya anapereka, golide akugwirizana ndi Baibulo ndendende, matalente 30, koma siliva Baibulo likuti 300 iye akuti 800. Za mngelo yemwe Baibulo likuti anakantha asilikali 185,000 a Asuri dongolo lili chete, ndipo ine sindikakamiza kuti linene zomwe silikunena, zimandikwanira kuti mbali ziwiri zodana zikusimba nkhondo imodzi yomweyo, mayina omwewo.

Ukajambule pafupi, makamaka azimayi apachipata aja ndi ana omwe ali pangolo, unditumizire pa WhatsApp ndikaonetse achinyamata kutchalitchi, mwezi wamawa tikuyamba Yesaya 36. Upereke moni kwa onse.

Ndine mnzako wa ku Area 25.