Madzi akumwa a ku Kuwait amaphikidwa ndi mafuta

A Mkonzi,

Chichitikireni chilala cha 2024, m'maminibasi a ku Kapata simusowa wina wonena kuti, "Aluya a m'chipululu akumwa nyanja yamchere, ife chikutivuta n'chiyani?" Ndiloleni ndiyankheko, poti choko ndinachigwira mpaka kupuma ntchito.

Dziko la Kuwait lilibe mtsinje ndi umodzi womwe. Kale madzi akumwa ankabwera pa ngalawa zamatanga kuchokera ku mtsinje wa Shatt al-Arab ku Iraq, ogulitsa n'kumayenda nawo khomo ndi khomo m'matumba achikopa, pamsana pa abulu. Zinthu zinatembenuka dzikolo litayamba kugulitsa mafuta kunja mu 1946. Pofika 1953 boma linatsegula makina ku Shuwaikh owiritsa madzi a m'nyanja n'kukola nthunzi yake, mchere n'kutsala. Amene anaonapo mayi akutcheza kachasu nzeruyi akuidziwa kale, kungoti nkhuni zawo ndi mafuta ndi gasi, ndipo moto wake suzima usana ndi usiku.

Nkhani yagona pamotopo. Ngakhale makina amakono, amene amakankha madzi mwamphamvu kuti adutse m'sefa yotsekereza mchere, amadya magetsi koopsa. Ife madzi atatsika ku Kariba tinkaswera mumdima, zigayo zili zii. Makina oterewa tikanawayendetsa ndi chiyani, makala? Nanga nyanjayo ili kuti? Anzawo a ku Saudi Arabia amapopa madzi kuchokera ku Jubail kukafika ku Riyadh, mtunda woposa makilomita 400, koma gombelo ndi lawo. Ife kuti tione madzi amchere ndiye kutuluka m'dziko, mpaka ku Mozambique.

Ndiponso musawasirire kwambiri. Pa nkhondo ya ku Kuwait ya 1991 mafuta atakhuthulidwira m'nyanja, anthu a kumeneko anagwira mtima m'manja, poti chitsime chawo ndi nyanja yomweyo.

Ku Kuwait mvula ya chaka chonse imangopitirira pang'ono mamilimita 100. Kuno ku Chipata timalandira pafupifupi 1,000, yopanda mchere, yaulere, koma imathamanga m'mapiri amene tawameta ndi nkhwangwa n'kupita ndi dothi lomwe. Pempho langa n'lakuti mutumize mtolankhani wanu ku damu la pa mtsinje wa Lutembwe mwezi wa Okutobala, akayende wapansi m'mbali mwa mtsinjewo, akatiuze mitengo yatsala ingati ndiponso madimba afika pati.

Mphunzitsi wopuma,
Kapata, Chipata