Lipoti la msonkhano wa atsogoleri a ophunzira

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu,

Ndabwerako kumsonkhano wa masiku awiri womwe munandituma, wa atsogoleri a ophunzira a m'makoleji osiyanasiyana. Ndalama ya ulendo inakwana, ndipo malisiti ndapereka kale kwa msungichuma.

Ndisabise, nditaona papulogalamu kuti tsiku loyamba tiyamba ndi filosofi ya Enlightenment, ndinati lero tiwodzera. Si mmene zinakhalira. Mayi amene ankatiphunzitsa anafotokoza kuti iyi ndi nyengo ya m'zaka za m'ma 1700 pamene anthu oganiza a ku Ulaya anayamba kukana kuvomera chinthu pongoti wanena ndi mfumu kapena wansembe. Anatchula Immanuel Kant, yemwe mu 1784 analemba kuti munthu alimbe mtima n'kugwiritsa ntchito nzeru zake. Kenaka anatifunsa: ndi kangati komiti yanu inakanapo ganizo la wapampando? Muholo munangoti zii.

Koma chomwe chandikhala pamtima ndi nkhani ya malaya. Adam Smith wa ku Scotland, m'buku lake la mu 1776, anati Agiriki ndi Aroma akale ankakhala bwinobwino popanda malaya a bafuta, koma m'masiku ake waganyu wa ku Ulaya akanachita manyazi kuonekera pagulu alibe malayawo. Kwa iye, zofunika pamoyo si chakudya chokha ayi, komanso chilichonse chimene munthu akasowa amayenda chozolika pakati pa anzake. Pomwepo ndinakumbukira ulendo wathu wa teremu yatha. Tinanyamula sopo, mchere ndi zovala za kaunjika, tinafoletsa agogo padzuwa, aliyense atanyamula phukusi lake, ife kumbuyo kwawo mano mbee, zithunzi n'kupita pa Facebook tsiku lomwelo. Mukukumbukira mtsikana uja anabisa nkhope ndi chitenje? Ine ndi amene ndinamuuza kuti achotse. Sopo anatha mwina patangopita sabata ziwiri, koma chithunzicho chikadalipo mpaka lero.

Tinamvanso za Thomas Paine, amene mu 1797 anapereka ganizo loti munthu aliyense akakwanitsa zaka 21 azilandira mapaundi 15, ndipo wofika zaka 50 azilandira mapaundi 10 chaka chilichonse, ndalama zake zochokera pamsonkho wa chuma chamasiye. Ankati dziko lapansi poyamba linali la anthu onse, choncho ndalamayo ndi ngongole yomwe eni minda akubweza, osati chifundo. Mnzathu wina anafanizira zimenezi ndi Mtukula Pakhomo, womwe unayambira ku Mchinji mu 2006. Kufananako n'kwapang'ono, chifukwa Mtukula Pakhomo amasankha mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, pomwe Paine ankafuna aliyense alandire. Komabe onse awiri amamupatsa munthu ndalama m'manja kuti asankhe yekha chogula. Ife sitinafunsepo ndi kamodzi komwe ngati agogo aja ankafuna mchere.

Madzulo kunabuka mtsutso. Mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti tisawatamande kwambiri azunguwa, poti David Hume mu 1753 analemba kuti anthu akuda ndi otsika poyerekeza ndi azungu, ndipo mu 2020 yunivesite ya Edinburgh inachotsa dzina lake panyumba ina ophunzira atadandaula. Anati umunthu tinali nawo kale, suja akuluakulu amati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Mphunzitsi uja sanakane. Anangoonjezera kuti Anton Wilhelm Amo, wochokera kufupi ndi Axim ku Ghana, ankaphunzitsa filosofi m'mayunivesite a ku Halle ndi ku Jena ku Germany Hume asanalembe zimenezo. Sitinagwirizane chimodzi. Kumbali yanga, mnyamatayo ananena zoona, koma nkhani ya malaya ija inandichititsa manyazi posatengera kuti anainena ndani.

Tsiku lachiwiri linali la kalembedwe ka mapulani ndi bajeti, zambiri ndi zomwe timachita kale. Mapepala ake ali ndi mlembi.

Ndikupempha kuti pamkumano wotsatira tikambirane zoleka kujambula anthu amene tikuwathandiza, ndipo zithunzi zakale zija zichotsedwe. Tisanasonkhenso ndalama, awiri kapena atatu mwa ife apite kwa a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi uja akamve chomwe eni ake akufuna, kaya ndi yunifolomu ya ana, kaya mbewu, kaya denga. Ndiponso msungichuma azimata pabolodi mwezi ndi mwezi ndalama zolowa ndi zotuluka, kuti membala aliyense athe kufunsa. Za zithunzi ndikudziwa kuti ena mutsutsa, poti otithandiza amafuna umboni. Bwerani ndi maganizo a umboni wina womwe tingawapatse.

Ine nthumwi yanu.