Ku America ukabwerera atakudipota ndi mlandu wa ndende

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe yandisowetsa tulo mwezi uno. Ife kuno ku Muloza boda tinaizolowera, munthu amadzuka m'mawa kuwoloka kupita ku Milange kukagula chimanga nkubwerako dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo anyamata athu a ku Joni akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, kuwabweza, pakatha miyezi itatu apezanso ya basi abwerera. Ndiye ambiri amaona ngati kudipotedwa ndi kudzapuma kumudzi basi.

Mwana wa mlongo wanga anamubweza kuchokera ku America chaka chatha atakhalako zaka zambiri, anasiya mkazi ndi kamwana kumeneko. Pano wapezana ndi munthu wina pa WhatsApp amene akuti amudutsitsa njira ya ku Mexico, ndipo akufuna tigulitse munda wa tiyi womwe anatisiyira amayi kuti alipire. Ine monga mwini mbumba ndakana. Iye amvekere amalume inu simukudziwa, lamulo lomanga anthu obwerera khothi linalithetsa, nkundionetsa nkhani pa foni.

Nkhaniyo ndi yoona koma ndi theka chabe, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalatayi. Mu August 2021 jaji wina ku Nevada ku America, mayi Miranda Du, pa mlandu wa Gustavo Carrillo-Lopez anagamuladi kuti lamulolo, lomwe amalitchula Section 1326, linabadwa ndi tsankho lodana ndi anthu a ku Mexico kuyambira mu 1929 ndiye likuphwanya malamulo aakulu a dzikolo. Koma boma linachita apilo, ndipo mu May 2023 khothi la apilo la Ninth Circuit linagwetsa chigamulocho, linati palibe umboni wokwanira woti aphungu omwe analikhazikitsanso mu 1952 anachita zimenezo chifukwa cha tsankho. Gawo limeneli pa foni yake panalibe. Lamulolo likugwirabe ntchito, anthu akumangidwa nalo.

Ndipo zilango zake si zamasewera ayi. Kulowa mozemba koyamba ndi mpaka miyezi 6. Koma ukapezeka wabwerera atakudipota kale ndi mpaka zaka 2, ngati unapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu asanakubweze zimafika 10, ndipo pa milandu yomwe iwo amaiona kuti ndi yoopsa kwambiri zimafika 20. Ukamaliza kuseweza amakukwezanso ndege yomweyo. Munda wapita, mwana sunamuone, zaka zathera kundende.

Mnyamatayu amanenanso kuti poyambapo anamubweza molakwika ndiye akakafika kukhothi akafotokoza. Mwina anamulakwiradi, ine ndimamukhulupirira. Koma zoterezi zinamuchitikira kale Refugio Palomar-Santiago yemwe anabwezedwa mu 1998 chifukwa cha mlandu woyendetsa galimoto ataledzera, pambuyo pake makhothi anadzanena kuti mlandu wotere sumayenera kubwezetsa munthu motero. Atamupeza wabwerera, khothi la apilo lomwe lija linamuikira kumbuyo, koma mu 2021 majaji onse 9 a Supreme Court, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, anakana, anati kulakwika kwa chigamulo choyamba pakokha sikokwanira, uyenera kuonetsanso kuti unayesa njira zonse zochitira apilo nthawi imeneyo. Tsono munthu amene anangosayina mapepala ali ndi mantha, wopanda loya, akaonetsa chani?

Kunena zoona zimandipweteka. Bambo kulekana ndi mwana wake chifukwa cha pepala si chinthu choti ine ndingachiyamikire, ndipo zomwe ananena mayi Du zija ine ndimaona kuti zili ndi nzeru. Komanso kuchokera mu August 2025 pomwe boma la America linayamba kuuza Amalawi ofuna viza yokacheza kumeneko kuti azipereka chikole cha ndalama mpaka 15,000 dollars, madobadoba a njira zachidule apezerapo msika, akungonamiza ana athu.

Pempho langa akonzi, nkhani za makhothi akunjazi muzizilembako m'Chichewa ndipo muzizitsatira mpaka pa apilo pomwe, osangothera pa chigamulo choyamba chokoma kumva. Loweruka likubwerali tili ndi nkhumano ya pabanja yokambirana za mundawu, ndipo mlongo wanga, mayi wake, wayamba kale kupendekera mbali ya mwana wake.

Malume wodandaula,
Muloza, Mulanje